Zolemba za Ntchito Yogulitsa Zaluso pa Foni: Shopu Yathu ya pa Mchinji Boma, Epulo 2020 mpaka Malichi 2021

Zolemba izi ndi za shopu yaing'ono ya zaluso yomwe ili m'mbali mwa msewu wa M12 pa Mchinji Boma, ndipo zikutsata ntchito imodzi yokha, yosamutsa malonda athu kuchoka pakauntala kupita pa foni kuyambira pamene mliri wa Covid-19 unafika m'dziko muno. Shopuyi siluka kapena kusema kanthu payokha, kupatula zosokasoka zimene telala wathu amasokera pakhonde. Madengu, malichero, nsengwa, mphasa, mikeka, mipando ya nsungwi ndi ziboliboli timalandira kuchokera kwa amisiri a m'midzi ya kufupi ndi Kamwendo, Mkanda ndi Kapiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi alimi amene amaluka nthawi imene kumunda kwawapatsa mpata. Ndimalemba kumapeto kwa mwezi pakakhala nkhani yoyenera kulembedwa.

Epulo 2020

Malonda aima. Kwa zaka zambiri ogula athu akhala ali anthu odutsa, makamaka alendo amene amatera pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe n'kuyenda pagalimoto kupita kumalo osungira nyama zakutchire a South Luangwa ku Zambia kudzera pachipata cha Mwami ndi mzinda wa Chipata, komanso ogwira ntchito m'mabungwe amene amabwera kudzachititsa misonkhano paboma pano. Pa 20 Malichi Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pangozi ndipo misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi, ndege zonyamula anthu zinasiya kutera pa 1 Epulo, ndipo tsiku lotsatira boma linatsimikiza kuti anthu atatu apezeka ndi matendawa ku Lilongwe. M'bindikiro wa masiku 21 umene umayenera kuyamba pa 18 Epulo waimitsidwa ndi khoti, choncho chitseko cha shopu ndi chotsegula, koma pamsewu palibe galimoto yoima.

Amisiri akubwerabe ndi katundu panjinga monga mwa nthawi zonse, ndipo kuwabweza n'kovuta chifukwa ndi anthu amene takhala nawo zaka zambiri. Tagwirizana kuti tizilandira katunduyo pangongole, kumulemba m'kope, n'kumalipira akagulidwa, ndipo nthawi yomweyo tiyambe kufunafuna ogula kudzera pa foni. Zida zimene tili nazo ndi foni imodzi yojambula bwino, sola yaing'ono yotchajira magetsi akazima, ndi manambala a makasitomala akale amene tinkawalemba kuseri kwa buku la malisiti. Mwana wa achemwali anga, amene wabwerako kusukulu chifukwa cha kutsekedwaku, ndiye aziyang'anira mauthenga.

Meyi 2020

Tatsegula tsamba pa Facebook ndipo taika WhatsApp Business pafoni ya shopu. Pulogalamuyi ili ndi malo oikapo zithunzi za katundu pamodzi ndi mitengo yake, zimene zatipeputsira ntchito yotumiza zithunzi zomwezomwezo kwa munthu aliyense wofunsa. Sitinaganizeko zopanga webusaiti, chifukwa anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha, ndipo ulalo wopita kwina ulionse sautsegula poopa kuti uwadyera mayunitsi.

Kujambula kwatidyera nthawi yambiri kuposa momwe timayembekezera. M'kati mwa shopu ndi mwamdima, ndipo dzuwa la masana limayeretsa nsungwi mpaka maluko ake osaoneka. Malo amene atiyendera ndi pakhonde la kumbuyo, m'mawa dzuwa lisanakwere, pamene timayala nsalu yoyera pansi n'kuikweza kukhoma ndi mapegi awiri kuti kumbuyo kusaoneke njerwa kapena nkhuku. Dengu lililonse limajambulidwa cham'mbali, cham'mwamba, ndi pafupi penipeni pamlomo pake, pakuti munthu wodziwa madengu amayang'ana kamangidwe ka mlomo asanafunse mtengo.

Chimene chabweretsa ndalama mwezi uno ndi masiki a chitenje. Telala wathu akusoka a nsalu ziwiri zophatikiza okhala ndi zingwe zomangira kumbuyo, popeza lasitiki wavuta kupeza, ndipo maoda oyamba achokera kwa aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'maofesi a paboma pomwe pano. Kunena zoona masiki si luso limene shopuyi inatsegulidwira, komabe ndi amene alipira lendi, ndipo anthu amene anatifunafuna chifukwa cha masiki ndi amene ayamba kufunsa mitengo ya madengu.

Juni 2020

Mwezi uno wapita ndi kampeni ya chisankho cha pulezidenti chobwereza cha pa 23 Juni, ndipo mauthenga a malonda achepa. Chimene takhazikitsa ndi ndondomeko ya kalipiridwe. Timalandira ndalama pa Airtel Money ndi pa TNM Mpamba, ndipo katundu sachoka m'shopu ndalama isanalowe. Tsiku lina tinalandira uthenga wooneka ngati wa kampani ya foni wonena kuti ndalama yalowa, kenako munthu anaimba n'kunena kuti watumiza yochuluka molakwitsa ndipo timubwezere yapamwamba. Titaona balansi, munalibe chimene chalowa. Kuyambira pamenepo lamulo ndi lakuti uthenga kapena chithunzi cha uthenga si umboni, ndipo amene ali ndi foni aone yekha balansi asanalonge kanthu. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Vuto ndi lakuti wogula nayenso amatiopa ife chimodzimodzi, popeza akutumiza ndalama kwa anthu amene sanawaonepo. Kwa wogula watsopano timalola kuti alipire theka, timujambulire katundu wake ali wolongedwa ndi dzina lake litalembedwa pathumba, kenako amalize theka linalo tisanakweze.

Julayi ndi Ogasiti 2020

Miyezi iwiri iyi ndi imene yationetsa pamene pagona ntchito yeniyeni. Maoda ambiri tsopano akuchokera ku Lilongwe, kwa amayi a ku Area 25, Area 49, Likuni ndi Kawale, ndipo zimene akufuna ndi zosiyana ndi zimene alendo ankagula. Mlendo ankatenga kachiboliboli ka njovu kapena ka mvuu kolowa m'chikwama. Amayi a m'tauni akufuna dengu lalikulu la chivundikiro losungiramo zovala zochapa, malichero opetera, nsengwa zoikamo zipatso patebulo, mphasa yoyala pakhonde, ndi timadengu tofanana tambiri toikamo mphatso pa chinkhoswe kapena pa bridal shower. Ziboliboli zili phee pashelefu, pamene malichero amene tinkawaika kuseri poganiza kuti ndi katundu wa pamsika ndi amene akutha.

Katundu wotereyu ndi wopepuka koma amadya malo, ndipo wonyamula salipiritsa potengera kulemera kokha. Kuchokera pano kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 100, ndipo chifukwa cha malamulo otalikirana, maminibasi akunyamula anthu ochepa, choncho mitengo yakwera. Kondakitala akaona dengu lalikulu amaliwerengera ngati munthu wokhala pampando, ndipo pa oda ya dengu limodzi mtengo wotumizira umayandikira mtengo wa dengulo. Anthu angapo anafunsa, anakondwera ndi mtengo, koma atamva za thiransipoti sanayankhenso. Oda ina inafika mochedwa komanso dengu litaphwanyika mbali imodzi chifukwa linapanikizidwa pansi pa thumba la mtedza, ndipo tinabweza ndalama.

Pa zimenezi tachita zinthu ziwiri. Choyamba, tasiya kutumiza katundu tsiku lililonse. Maoda onse a sabata amasonkhanitsidwa n'kunyamuka Lachisanu m'mawa ndi dalaivala mmodzi amene tagwirizana naye, ndipo amakasiyidwa kwa msuweni wathu amene ali ndi kashopu kufupi ndi depoti ku Lilongwe, kumene ogula amakatenga okha kapena kutuma wa kabaza. Wogula wa ku Blantyre, Zomba kapena Mzuzu timamutumizira kudzera kwa makampani onyamula maphukusi kuchokera ku Lilongwe komweko, ndipo mtengo wake timamuuziratu asanalipire.

Chachiwiri ndi chimene chasintha kalukidwe ka amisiri. Madengu atatu olowetsana, laling'ono m'kati mwa lapakati, lapakati m'kati mwa lalikulu, amadya malo a dengu limodzi, choncho mtengo wotumizira umagawika patatu. Koma kuti alowetsane ayenera kulukidwa pa muyeso, ndipo amisiri athu sanazolowere tepi. Mmisiri amayeza ndi chikhatho, ndi mkono, ndi diso, ndipo dengu lililonse limatuluka ndi kukula kwakekwake. Pakauntala zimenezi sizinali vuto chifukwa wogula ankasankha limene wakonda. Pa foni wogula amasankha chithunzi, ndipo akalandira dengu lochepa kapena lokula kusiyana ndi limene anaona amati tamunamiza.

Tinapita kwa bambo wina wachikulire wa kufupi ndi Kamwendo, amene oluka anzake amamulemekeza, titatenga tepi ya telala. Anaitembenuza kawiri n'kutibwezera, nati, "Ana inu, ine manambalawa sindiwaona bwino, koma mundidulire kamtengo." Tinadula timitengo titatu ta nsungwi, ka masentimita 25, ka 32 ndi ka 40, toyezera kukula kwa pansi pa dengu, ndipo kalikonse tinakacheka mizere kumapeto, umodzi, iwiri, itatu, kuti kazidziwika ndi chala. Bambowo anawonjezera mfundo imene ife sitikanaidziwa, yakuti muyeso wa pansi pawokha sukwanira, chifukwa dengu likakwera chowongoka linzake limakanirira pakati, choncho khoma lake liyenera kutambasuka pang'ono pokwera. Anadula okha kamtengo kachinayi koyezera mlomo. Tsopano mmisiri aliyense ali ndi mtolo wake wa timitengoti womangidwa ndi luzi, ndipo dengu likafika kushopu timaliyesa polilowetsa m'linzake pamaso pa mwini wake. Lokanirira sitilibweza, timaligula pamtengo wotsikirapo n'kuligulitsa pakauntala.

Si onse amene akondwera. Mmisiri wina wanena kuti timitengoti tikumusandutsa makina, ndipo dandaulo lake lili ndi nzeru, chifukwa madengu ake okongola kwambiri ndi amene amaluka motsata mtima wake. Tagwirizana kuti amenewo tiziwajambula palokhapalokha n'kulemba kuti ndi limodzi lokha, likagulidwa latha.

Kumayambiriro kwa Ogasiti boma linakhazikitsa lamulo lakuti aliyense azivala masiki pagulu, ndipo wosavala alipire chindapusa cha K10,000. Maoda a masiki anakwera kwa masabata angapo, kenako anatsika chifukwa telala aliyense pamsika akusoka. Mwambo wa Kulamba, umene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto kwa Ogasiti, chaka chino sunachitike. Zaka zonse magalimoto opita kumwambowu amadutsa pakhomo pathu ndipo sabata imeneyo ndi imene timagulitsa kwambiri, choncho dzenje limeneli foni sinalikwirire.

Sepitembala 2020

Bwalo la ndege la Kamuzu latsegulidwanso pa 1 Sepitembala ndipo sukulu zayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono kuyambira ndi makalasi olemba mayeso, koma alendo opita ku Zambia sanabwerere. Mwana amene ankayang'anira mauthenga wabwerera kusukulu, ndiye taika uthenga wodziyankha wokha wonena kuti timayankha m'mawa ndi madzulo.

Tayamba kulandira mafunso kuchokera kwa Amalawi okhala ku Johannesburg, Cape Town ndi ku United Kingdom. Poyamba tinaganiza kuti akufuna tiwatumizire katundu kumeneko, ndipo tinafufuza mitengo ya kupositi ndi ya makampani otumiza maphukusi kunja. Kutumiza dengu kunja ndi kokwera mtengo kwambiri kuposa dengulo, ndipo maiko ena amaunika mwapadera katundu wa mitengo ndi udzu poopa tizilombo.  Pamapeto pake zapezeka kuti ambiri mwa anthuwa sakufuna katundu apite kunja. Akufuna kugulira mayi awo mipando ya pakhonde, kapena kutumizira mchemwali wawo mphatso ya ukwati umene iwo sangathe kubwerako chifukwa cha maulendo ovuta. Amalipira kudzera pa Mukuru kapena WorldRemit, ife n'kukapereka katunduyo kuno kumudzi, n'kuwatumizira chithunzi cha wolandirayo ataima pambali pa mphatso yake. Chithunzi chimenecho amachifuna kwambiri kuposa lisiti. Zotumiza kunja tazisiya kaye, kupatula zikwama za chitenje ndi mikanda zimene munthu wapaulendo angathe kuzinyamula.

Okutobala ndi Novembala 2020

Wogula wina wa ku Lilongwe anatumiza chithunzi cha mpando wa nsungwi umene pansi pake panali ufa wachikasu, ndipo titaunika mipando yotsala m'shopu tinapeza timabowo tating'ono ngati ta singano m'miyendo ya ina. Ndi kufumbwa. Oluka akale amadziwa kuti nsungwi yanthete kapena yodulidwa nthawi yolakwika imakoma kwa tizilombo, ndipo yoyenera ndi yokhwima, yodulidwa m'chilimwe, yoviikidwa m'madzi kwa masiku angapo kenako n'kuumitsidwa pamthunzi. Kuchuluka kwa maoda m'miyezi yapitayi kunachititsa amisiri ena kudula mothamanga. Wogulayo tamusinthira mpando, ndipo tsopano mpando uliwonse umagona m'shopu masabata awiri uli pamwamba pa pepala lakuda usanajambulidwe. Ngati muli tizilombo, ufa umaoneka papepalapo. Zimenezi zachedwetsa maoda, koma pa foni mbiri yoipa imayenda ndi chithunzi ndipo imafika kwa anthu ambiri tsiku limodzi.

Nkhani ina ya miyezi imeneyi ndi ya ndalama za amisiri. Boma layambitsa pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, mmene thumba la feteleza la makilogalamu 50 likugulidwa pa K4,495, ndipo pafupifupi mmisiri aliyense wabwera kudzapempha kuti timulipire za katundu wake amene sanagulidwe kuti asaphonye feteleza. Ndondomeko ya ngongole imene tinagwirizana mu Epulo inali yothandiza shopu, koma kwa mlimi mwezi wa Novembala sudikira. Tatenga phindu la masiki ndi la madengu olowetsana n'kulipira onse theka la zimene tili nazo m'kope. Kuwonjezera apo, tawapempha kuti aluke mowirikiza mvula isanayambe, chifukwa ikangogwa aliyense amalowa kumunda ndipo misewu ya kumidzi ya cha ku Mkanda imavuta kuyendamo ndi njinga yonyamula mphasa.

Disembala 2020

Mwezi uno wayenda bwino kuposa miyezi yonse chiyambire mliri. Maukwati ndi zinkhoswe zimene zinaimitsidwa pakati pa chaka zachitika mothinana, ndipo timadengu ta mphatso tatha kawiri. WhatsApp yawonjezera njira yakuti wogula asankhe zinthu zingapo n'kuzitumiza ngati oda imodzi, koma ogula athu ambiri akupitiriza kutumiza uthenga wa mawu, ndipo ena amafuna kuimba kuti amve kuti kuli munthu. Kunenerera mtengo nako sikunathe. Mtengo wolembedwa pansi pa chithunzi anthu amauona ngati poyambira, ndiye tasankha kuti mtengo wa katundu usamatsike, koma wogula zambiri tizimuchotsera pa thiransipoti.

Januwale ndi Febuluwale 2021

Matenda abweranso mwamphamvu. Pa 12 Januwale dziko linataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pangozi. Patapita masiku ochepa kunabwera malamulo akuti misika izitsekedwa 5 koloko madzulo, anthu asayende kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, ndipo misonkhano isapitirire anthu 50. Maoda a zinkhoswe aimiratu, ndipo ena amene analipira theka apempha kuti tiwasungire katundu mpaka zinthu zitakhala bwino. Miyezi imeneyi ndi ya njala ngakhale kopanda mliri, choncho sitinadabwe kuona mauthenga achepa.

Kusiyana kwa nthawi ino ndi Epulo wa chaka chatha ndi kwakuti ulendo wa Lachisanu sunaime. Katundu ndi wochepa koma akupitabe, makamaka malichero, madengu a zovala ndi masiki. Amisiri tawauza kuti asamabwere onse tsiku limodzi, ndipo amene ali ndi foni amalandira malipiro awo pa foni n'kukatapa kwa ejenti wa pafupi ndi kwawo. Kwa achikulire amene alibe foni, ndalama zimapita pa nambala ya mwana kapena mdzukulu, ndipo izi zabweretsa kusamvana m'banja limodzi pamene ndalama sizinafike zonse kwa mwini wake. Tsopano tikatumiza timaimbira foni ndi kupempha kulankhula ndi mmisiriyo mwiniwake kuti timuuze kuchuluka kwa ndalamazo.

Chinyontho cha dzinja chachititsa nkhungu pa mikeka ndi mphasa zimene zinali zopinda pansi. Tamanga thandala la nsungwi lokwera kufika m'mawondo, ndipo dzuwa likawala timaziyanika. Katundu wopita ku Lilongwe tikumukulunga m'mapepala apulasitiki m'kati mwa thumba, koma wogula timamuuza kuti akangolandira amasule msanga kuti apitidwe mphepo.

Malichi 2021

Katemera woyamba wa AstraZeneca wafika m'dziko muno pa 5 Malichi kudzera mu ndondomeko yogawa katemera kumaiko ya COVAX, ndipo Pulezidenti anabayitsa pa 11 Malichi ku Zomba. Chiwerengero cha odwala chatsika ndipo maoda a zinkhoswe amene anaimitsidwa ayamba kubwerera.

Titawerengera kope la chaka chonse, gawo lalikulu la malonda labwera kudzera pa WhatsApp, pamene Facebook yathandiza kwambiri kuti anthu atidziwe koyamba. Malonda onse sanafike pamene anali mliri usanabwere, ndipo amene atsalira kwambiri ndi osema ziboliboli, chifukwa wogula wa m'dziko momwe muno sawafuna kwenikweni katundu wawo. Takambirana nawo zoyamba kusema zipande, mithiko, mbale zamatabwa, timitondo tosinjira adyo ndi tsabola, ndiponso mathireyi, zimene zingalowe m'kati mwa madengu olowetsana popanda kuwonjezera mtengo wotumizira. Awiri avomera kuyesa, mmodzi wakana ndipo wanena kuti adikira alendo. Zitsanzo zoyamba zikuyembekezeka mwezi wamawa, ndipo tidzazijambula tikadzatsimikiza kuti mtengo wake ndi wouma bwino ndipo sung'aluka.

Zotsala pa mwezi wa Epulo ndi kugula foni yachiwiri kuti ya malipiro isiyane ndi ya mauthenga, kupeza malo olandirira katundu ku Kasungu kumene mafunso achuluka ndipo msewu wodzera ku Kamwendo ndi Santhe ndi wachindunji, ndiponso kukumana ndi amisiri onse akangomaliza kukolola soya ndi mtedza kuti tigwirizane za nsungwi yodula m'chilimwe chino ndi mitengo yatsopano ya madengu.